Makina obenera CD: kwaya igule otchipa kapena odula?

Funso lachokera kwa mlembi wa kwaya ina ya ku Ntcheu. Akuti: "Tajambula nyimbo 12 ku situdiyo ndipo tikufuna kubena zimbale 300 zoti tikagulitse pa tsiku lokhazikitsa chimbale chathu. Mu shopu ndapeza makina obenera a mitundu iwiri. Ena ndi aang'ono, opyapyala, olumikiza ku laputopu ndi chingwe cha USB. Enawo mtengo wake ndi wowirikiza katatu, ndipo wogulitsa akuti amatulutsa mawu okoma kwambiri. Ndalamazi tinachita kusonkherana. Tigule ati?"

Zikomo a mlembi pofunsa ndalama zisanachoke m'manja mwa msungichuma. Ndabenapo zimbale zambiri za makwaya ndi za maulaliki, ndipo zimene wakuuzani wogulitsayo ndazimva kambirimbiri. Si zoona. Makina odula satulutsa mawu okoma kuposa otchipa. Komabe sindikunena kuti muthamangire kang'onong'ono kaja, chifukwa zimbale 300 ndi katundu wolemera amene kameneko sikanapangidwire kusenza. Ndikanakhala ine, ndikanagula draivu (ndilo dzina la makina obenerawa) yaikulu wamba, ya mtengo wapakati, yoika m'kompyuta ya patebulo, ndipo ndalama zotsalazo ndikanagulira zimbale zabwino zosalembapo. Ndifotokoze chifukwa chake, kuti mukakhala pansi ndi komiti mukhale ndi choyankha.

Pa CD sipakhala mawu ngati mmene zinkakhalira pa kaseti. Pamakhala manambala okhaokha. Pamene makampani a Philips ndi Sony ankagwirizana za kapangidwe ka CD mu 1980, anakhazikitsa kuti mawu aziyezedwa ka 44,100 pa sekondi iliyonse, ku mbali ya kumanja ndi ya kumanzere, ndipo muyeso uliwonse uzilembedwa ndi ma bit 16, kutanthauza manambala 16 a 0 kapena 1. Ntchito ya makina obenera ndi kukopera manambala amenewo pa chimbale, basi. Inu ngati mlembi mukudziwa: nambala ya foni muilembe ndi cholembera cha pamwamba, muilembe ndi bolopeni ya pa golosale, woimbayo apeza munthu yemweyo. Chofunika n'chakuti zolembazo ziwerengeke. Kukoma kwa mawu a kwaya yanu kunatsimikizika kale ku situdiyo, pa tsiku limene munaima kutsogolo kwa maikolofoni ndi pamene mnyamata wosakaniza mawu anakhala pa mpando wake. Makina obenera sangawonjezere besi, sangawongole sopulano.

Kuwerengeka kumeneku ndiye nkhani yonse. Opanga CD ankadziwa kuti chimbale chidzakalika, chidzagwidwa ndi zala za mafuta, ndiye anaikamo njira yokonzera zolakwika yotchedwa CIRC. Chimbale chilichonse, ngakhale chochokera ku fakitale, chimakhala ndi tizolakwika tating'onoting'ono timene wayilesi imakonza yokha inu osamva kanthu. Malamulo a CD amalola tizolakwika totere mpaka 220 pa sekondi. Chimbale chobenedwa bwino chimayamba moyo wake chili pansi kwambiri pa malire amenewo, choncho chimapirira kukalika kwa zaka zingapo. Chobenedwa mosalongosoka chimayamba chili kale pafupi ndi malire, moti kukalika kamodzi kokha, nyimbo zayamba kudumphadumpha, kapena wayilesi ingozungulira n'kukana kuimba. Wogula chimbale chanu sadzadandaula kuti mawu ndi ozizira. Adzabwera Lamlungu lotsatira n'kunena kuti chimbale sichikuimba. Dandaulo limenelo ndi limene tikufuna kupewa.

CD-R, chimbale chosalembapo chimene mudzabenepo, ndi pulasitiki yokhuthala mamilimita 1.2, pamwamba pake pali utoto wopyapyala, kenako kachitsulo konyezimira, n'kumalizira ndi vanishi. Pobena, laser ya m'draivu, kuwala kwamphamvu kolunjika pa malo amodzi, imawotcha utotowo n'kusiya timadontho timene wayilesi imadzawerenga. Koma fakitale iliyonse ili ndi utoto wakewake, ndipo utoto uliwonse umafuna moto wosiyana, monga mmene simbi ya makala simuiika chimodzimodzi pa malaya a nayiloni ndi pa buluku la kaki. Mukalowetsa chimbale, draivu imawerenga chizindikiro cha fakitale chimene chinadindidwa m'kanjira ka chimbalecho, imayang'ana pa mndandanda umene opanga anaiikira, imayesa mphamvu ya laser pa kamalo kena chapakati penipeni, kenako n'kuyamba kulemba. Draivu ikakumana ndi chimbale chimene ikuchidziwa, zonse zimayenda. Ikakumana ndi chosadziwika, imangoyerekeza. Mukuona kuti zinthu ziwiri ziyenera kugwirizana, draivu ndi chimbale, ndipo mtengo wa draivu pawokha sutsimikizira mgwirizano umenewo.

Wogulitsa uja sanangozipeka zonse. Panalidi nthawi imene makina odula ankasiyana kwambiri ndi otchipa. Mu 1995, pamene Hewlett-Packard inatulutsa draivu yobenera yotsika pang'ono pa madola 1,000, anthu anati mtengo wagwa. Masiku amenewo kompyuta ikangochedwa pang'ono kutumiza manambala, kubena kunkaima pakati ndipo chimbale chinkatayidwa. Vuto limeneli linatha cha m'ma 2000 pamene Sanyo inabweretsa luso la BURN-Proof, lolola draivu kuima n'kupitiriza pamene inalekera, ndipo poyamba linkapezeka m'makina odula. Mu 2002 Yamaha inatulutsa CRW-F1, imene inkatha kulemba timadontho totalikirapo kuti mawayilesi ovuta aziwerenga mosavutikira, ngakhale kuti chimbale cha mphindi 80 chinkangolowa mphindi 68. Mu 2003 kunabwera Plextor Premium, imene inkalola munthu kusintha mphamvu ya laser ndi kuwerengera zolakwika za pa chimbale akamaliza kubena. Anthu a m'masitudiyo ankaikonda, ndipo anali ndi chifukwa.

Nthawi imeneyo inapita. Yamaha inasiya kupanga makinawa, Plextor inasiya kudzipangira yokha n'kumangomata dzina lake pa makina a ena. Sony Optiarc inatseka mu 2013, kampani ya Toshiba ndi Samsung yotchedwa TSST inagwa mu 2016. Ma draivu ambiri atsopano amene ali m'mashopu lero, dzina la pa bokosi likhale lotani, m'kati mwake ndi ochokera ku Hitachi-LG kapena ku Lite-On. Luso loteteza kubena kuti kusaime pakati lili mu draivu iliyonse, yotchipa ndi yodula yomwe. Choncho mukabwerera ku shopu, mufunseni wogulitsayo funso limodzi: makina odulawa akuchita chiyani chimene enawo sachita? Kawirikawiri yankho lake ndi lakuti amabenanso Blu-ray (zimbale zolowa zambiri kuposa DVD), kapena ali ndi chikuto cha chitsulo, kapena amalemba zimbale za M-DISC, zopangidwira kusunga zinthu nthawi yaitali. Zonsezo ndi zabwino kwa wozifuna, koma inu mukubena CD ya nyimbo. Blu-ray imagwiritsa ntchito laser ina ya mtundu wobiriwira ngati thambo, CD ili ndi laser yakeyake, ndiye mungalipire ndalama zambiri pa chiwalo chimene simudzachiyatsa n'komwe. M-DISC nayo ndi ya DVD ndi Blu-ray, si ya CD.

Kusiyana kumene kulipo lero ndi kwa msinkhu. Kadraivu kopyapyala ka USB kwenikweni ndi draivu ya laputopu yoikidwa m'kabokosi. Injini yake ndi yaing'ono, liwiro lake pa CD limathera pa 24x (kuwirikiza ka 24 liwiro limene CD imaimbira), chimbale mumachita kuchikanikiza ndi chala pa kamsomali ka pakati, ndipo diso la laser limatuluka pamodzi ndi thireyi, poyera, pomwe fumbi la mwezi wa Okutobala limaligwera. Mphamvu yake yonse imachokera ku laputopu. Khomo la USB 2.0 limapereka magetsi okwana 500 mA, la USB 3.0 limapereka 900 mA, ndipo pobena kadraivuko kamafuna mphamvu yochuluka, n'chifukwa chake tina timabwera ndi chingwe cha mitu iwiri. Mphamvu ikaperewera, kubena kumalephera pakati popanda chifukwa chooneka. Kwa munthu wobena zimbale ziwiri kapena zitatu pa mwezi, kameneka n'kokwanira, ndipo ndingamuuze kuti asawononge ndalama pa china. Koma kubena zimbale motsatizana kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kamatentha, ndipo laser ikatentha salemba mofanana.

Draivu yaikulu ya m'kompyuta ya patebulo, ija ya mainchesi 5.25, imafika 48x, imagwira chimbale mwamphamvu kuchokera pansi ndi pamwamba, imakoka magetsi ku kompyuta yeniyeniyo, ndipo imapirira ntchito ya tsiku lonse. Chosangalatsa n'chakuti nthawi zambiri mtengo wake susiyana kwambiri ndi wa kadraivu ka USB kodziwika dzina. Ngati ku ofesi ya mpingo kuli kompyuta ya patebulo, kapena wina mu kwayamo ali nayo, yang'anani kaye kutsogolo kwake. Mwina draivu ilimo kale. Ngati palembedwa DVD-RW kapena CD-RW, imabena. Ma draivu onse obena DVD amabenanso CD, musavutike kufunafuna olembedwa CD yokha.

Pali chinthu china chimene ndikufuna mudziwe pa timadraivu totchipitsitsa topanda dzina. Tambiri mwa timeneti bokosi ndi latsopano koma m'kati muli draivu yozulidwa mu laputopu yakale. Kudziwa kwake n'kosavuta. Tengani laputopu ku shopu komweko, lumikizani, tsegulani Device Manager mu Windows, muone dzina limene lituluke pansi pa ma draivu a DVD ndi CD. Likayamba ndi HL-DT-ST ndiye Hitachi-LG, likayamba ndi PLDS kapena Slimtype ndiye Lite-On. Koma likatuluka Optiarc kapena TSSTcorp, kumbukirani zaka ndatchula zija. Draivu imeneyo inapangidwa kale kwambiri, ngakhale pepala la pabokosi likunyezimira.

Tsopano pa zimbale zenizenizo, pamene ndikufuna muike mtima wanu wonse. Chaka china ndinabenera kwaya ina zimbale pa draivu yanga yomwe ndinkaikhulupirira. Zosalembapo anabweretsa okha, zogula motchipa, zopanda dzina la fakitale, zomangidwa mu pulasitiki. Pa kompyuta zinkaimba bwinobwino. Patatha masabata awiri amayi a m'kwayamo anabwera nazo m'jumbo: m'mawayilesi a m'nyumba nyimbo zoyambirira zinkaimba, zakumapeto zinkadumpha. CD imalembedwa kuyambira pakati kupita m'mphepete, ndipo pa zimbale zosalongosoka utoto umapakidwa mosafanana kumphepeteko, ndiye nyimbo zomalizira ndi zimene zimayamba kufa. Tinabwereza ntchito yonse pa draivu yomweyo, ndi zimbale zina, ndipo palibe chinabwerera. Zinandipweteka chifukwa ndalama anataya kawiri, ndipo ndinali ndi mwayi wowaletsa poyamba pomwe.

Utoto wa CD-R ulipo wa mitundu itatu: cyanine, umene unatchuka ndi kampani ya ku Japan ya Taiyo Yuden, azo wa Mitsubishi umene umapezeka pa zimbale zina za Verbatim, ndi phthalocyanine, wooneka wotuwa ngati siliva, umene uli pa zimbale zambiri masiku ano. Taiyo Yuden inasiya kupanga zimbale mu 2015, ndipo luso lake linapita ku CMC Magnetics ya ku Taiwan, imenenso pambuyo pake inagula Verbatim. Simukuyenera kuloweza zonsezi. Chimene mungachite ndi ichi: gulani zimbale za dzina lodziwika, zomata bwino, ndipo musagule 300 tsiku limodzi. Yambani ndi khumi. Kwezani chimodzi pa kuwala: ngati mukuona timabowo tolowa dzuwa pa siliva, kapena utoto wamawangamawanga m'mphepete, zisiyeni. Pulogalamu yaulere ya ImgBurn imaonetsa chizindikiro cha fakitale yeniyeni ya chimbale, choncho mukadzagula zotsalazo mutha kutsimikiza kuti ndi zomwezo. Ndipo zikhale CD-R, osati CD-RW zija zofufutika n'kulembanso. CD-RW imabweza kuwala kochepa kwambiri, moti mawayilesi akale ambiri saiona n'komwe.

Za liwiro, anthu amakonda kunena kuti ukabena pang'onopang'ono kwambiri ndiye zimakhala bwino. Zinali choncho kale. Zimbale za lero zinapangidwira liwiro lalikulu, ndipo ma draivu ambiri salolanso 1x kapena 2x. Komanso liwiro lomalizira si labwino, chifukwa pa 48x chimbale chimazungulira pafupifupi ka 10,000 pa mphindi, ndipo chikakhala chopindika pang'ono chimanjenjemera. Ine ndimabena nyimbo pa 16x pa draivu yaikulu, ndi pa 8x kapena 10x pa kopyapyala.

Kodi ku situdiyo anakupatsani nyimbozo motani? Ngati anakutumizirani ma MP3 pa WhatsApp, bwererani mukatenge mafayilo osachepetsedwa, ma WAV a 16-bit, 44.1 kHz pa fulashi. MP3 imataya mbali ina ya mawu kuti fayilo ichepe, ndipo chotayikacho sichibwerera ngakhale mubene pa makina odula bwanji. Apa pokha ndi pamene mawu angasinthedi. WAV imadya pafupifupi 10 MB pa mphindi iliyonse, ndiye nyimbo zanu 12 zikwana pa fulashi iliyonse. Pobena, sankhani Audio CD, osati Data CD. Mukangokokera mafayilo pa chimbale ngati mmene mumachitira ndi fulashi, chimenecho ndi chimbale cha data, ndipo chidzaimba pa kompyuta ndi pa ma DVD ena koma wayilesi yakale idzachikana. Sankhaninso Disc-at-Once kuti chimbale chilembedwe ulendo umodzi n'kutsekedwa. Nyimbo zonse pamodzi zisapitirire mphindi 80, ndipo ndi bwino kusiyako danga kumapeto. Mapulogalamu aulere monga CDBurnerXP ndi ImgBurn amachita zonsezi.

Mukabena zisanu zoyamba, imani. Musaziyese pa kompyuta imene yabenayo, chifukwa draivu ya kompyuta imawerenga pafupifupi chilichonse. Pitani nazo kwa amene ali ndi wayilesi yakale kwambiri mumpingomo, ku galimoto ya mkulu wa mpingo, ku DVD ya pa TV ya m'nyumba ina, ndi ku zokuzira mawu za m'tchalitchi. Mvetserani nyimbo yoyamba, kenako dumphani mpaka yomaliza n'kuimvetsera yonse. Zikaimba monsemo, draivu yanu ndi zimbale zanu zagwirizana, pitirizani osasintha kalikonse. Zikakana penapake, sinthani zimbale kaye musanaganize zosintha draivu. Zimbale zisanu zimenezi zikuuzani zambiri kuposa zonse zolembedwa pa bokosi la makina.

Muwerengerenso nthawi. Pa 16x chimbale chodzaza chimatenga mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi, kuphatikiza kulowetsa ndi kutulutsa. Zimbale 300 ndi maola pafupifupi 30, ndipo mukamauza pulogalamu kuti izitsimikizira chilichonse ikamaliza, nthawiyo ikwera. Imeneyo ndi sabata yathunthu ya munthu mmodzi, ndiye musayambe Lachinayi pamene mwambo uli Loweruka. Magetsi akazima pakati pa kubena, chimbalecho chatayika. Pa mfundo iyi laputopu ili ndi mwayi chifukwa cha batire lake, pomwe kompyuta ya patebulo imafuna UPS, bokosi la batire losunga magetsi, ngakhale yaing'ono yongokwanira kumaliza chimbale chimene chili m'kati. Ngati muli ndi laputopu yokha ndipo mwasankha kopyapyala, gulani ka dzina lodziwika monga LG, ASUS kapena Lite-On, kaikeni pa tebulo losagwedera, laputopu ikhale pa chaja, ndipo muzikapumitsa mukabena zimbale khumi.

Makina odula amene ali ndi phindu lenileni pa ntchito ngati yanu ndi ena, aja aatali okhala ndi ma draivu asanu, asanu ndi awiri kapena khumi ndi imodzi, amene amakopera chimbale chimodzi pa zambiri nthawi imodzi popanda kompyuta. Pa a ma draivu asanu ndi awiri, zimbale 300 ndi maulendo 43, ntchito ya theka la tsiku. Kwaya yotulutsa chimbale kamodzi pa zaka ziwiri isagule amenewa. Funsani ku situdiyo imene munajambulira ngati ali nawo kapena akudziwa amene ali nawo, mufanizire mtengo wobenetsa ndi mtengo wogula draivu. Mukatero, zosalembapo mupite nazo nokha, zomwe munaziyesa zija, ndipo chimbale choyambira chikhale chimene munachimvetsera kuyambira poyamba mpaka pomaliza, popeza cholakwika chimodzi pa icho chibadwanso ka 300.

Ndinenenso ichi, ngakhale simunafunse. Anthu ambiri tsopano akumvera nyimbo pa foni ndi pa fulashi, ndipo magalimoto ndi malaputopu atsopano ambiri alibe polowetsa CD. Ambiri amene adzagule pa tsikulo adzagula pofuna kuthandiza kwaya ndi kusunga chikumbutso, ndipo chimenecho n'chinthu cholemekezeka. Koma ndingakulangizeni kubena 100 kapena 150 poyamba. Ubwino wokhala ndi draivu yanuyanu ndi womwewo, zikatha mumabena zina usiku womwewo. Musanayambe kugulitsa, kaonaneni ndi a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso limene lakhala likugwira ntchito kuyambira mu 1992, mulembetse nyimbo zanu ndi kufunsa za zomata zawo za pa zimbale. Ngati mwa nyimbo 12 zija muli yopekedwa ndi munthu wina, chilolezo chake chikhale cholembedwa.

Pomaliza kubena mudzafuna kulemba dzina la kwaya. Pa CD, nyimbo zili pafupi kwambiri ndi mbali ya pamwamba, pansi pa vanishi wopyapyala uja, osati kumunsi konyezimira kumene anthu amakusamala. Bolopeni ikakanda pamwambapo imachotsa siliva, ndipo pamenepo palibenso chokonza. Lembani ndi maka yofewa yopangidwira zimbale. Mapepala omata ndimawakana, chifukwa akamatidwa mopendama chimbale chimanjenjemera pozungulira, ndipo m'galimoto yotentha amamatuka n'kukakamira m'kati mwa wayilesi ya munthu. Ngati mukufuna chithunzi cha kwaya pa chimbale penipeni, gulani zimbale zoyera pamwamba zolembedwa kuti printable, mukadinditse kwa amene ali ndi printa yolandira zimbale. Chilichonse chikatuluka mu draivu chilowe m'kachikuto kake nthawi yomweyo, ndipo bokosi lonse likhale pa mthunzi mpaka tsiku la mwambo, chifukwa utoto umene laser inawotcha uja dzuwa nalo limauwotcha.